Chikolopa Chisatithere Mlombwa

Aliyense amene adalowapo m'nyumba zakale za boma ku Zomba kapena ku Blantyre, naponda pa timatabwa ta mlombwa ndi mbawa timene amisiri adatiyala mwaluso ngati mkeka woluka, adzagwirizana nane kuti chuma chotere sichiyenera kuonongeka m'manja mwathu. Komatu chikutha, ndipo mdani wake wamkulu, woposa chiswe, ndi ndowa ya madzi imene timaitenga m'mawa uliwonse ndi mtima wofuna ukhondo.

Ambirife tidakulira pa dothi lozira kapena pa simenti, pomwe madzi ochuluka sapweteka kanthu, ndipo mwambo womwewo tidalowa nawo m'nyumba za matabwa osafunsa. Koma thabwa, ngakhale lidadulidwa kalekale, limamwabe madzi monga muja linkachitira lili mtengo: likamwa limafufuma m'mbali, nilikankhana ndi linzake kufikira litapindika kapena kutukumuka, ndipo likauma m'mwezi wa Okutobala limanyala, nkusiya ming'alu yoti madzi a mawa alowemo mozama, mpaka phula lakuda lomwe lidalimata ku simenti litaleka kugwira. Tsono wina, poona pachita mdima, amakhuthulirapo polishi wochuluka, naiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti chinyontho chotsekeredwa pansi pa polishi ndicho chimaoletsa msanga.

Kusamala kwake sikulira ndalama. Sesani tsiku ndi tsiku, popeza mchenga wa ku nsapato umapala matabwa. Pukutani ndi nsalu yofinya kwambiri, ndipo chotayika chilichonse muchotse nthawi yomweyo. Chiperoni chikapita, tsekulani mazenera mphepo ipite. Kumene matabwa adayalidwa pa mitanda, amisiri adasiya timabowo m'munsi mwa khoma kuti pansi pazipuma, ndipo zimandiwawa mtima ndikaona timabowo timeneti titakwiriridwa ndi dothi la maluwa. Pamene panyowa kale, musathamangire mbaula, chifukwa kutentha kwadzidzidzi kumang'amba thabwa. Lisiyeni liume pang'onopang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ukule, ndipo m'nkhalango zathu watsala wochepa. Ngakhale mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, uli pafupi kutheratu. Inu eni nyumba, inunso alendi okhala m'nyumba za ena, chonde finyani chikolopa chisanakhudze pansi.