Ludzu nalonso limanama

Msuweni wanga wa kuno ku Kasina anachokera ku Lilongwe ali ndi kathumba pamimba. Taifodi inamubowola matumbo, ndiye madokotala anatulutsira matumbo aang'ono pakhungu kuti chimbudzi chizigwera m'kathumbamo mpaka bala lam'kati lipole. Opaleshoni imeneyi amati ileostomy. Anamupatsa mapaketi a Thanzi ORS. Anamwa masiku atatu basi, n'kusiya. "Zamchere izi ayi, asuweni. Madzi ndiye ndikumwa ambiri kale."

Abale ankati ndi mwano. Ine ndikukana. Munthu anangolandira lamulo, chifukwa chake sanachimvetse, pomwe pakhosi pake pankamuuza zina.

Ntchito yaikulu ya matumbo aakulu ndi kubwezera madzi ndi mchere m'magazi. Pa tsiku amalandira madzi oposa lita imodzi, ndipo ochuluka amabwerera m'thupi. Kwa munthu wa ileostomy, chakudya sichifikako kumeneko. Tsono akamagubudiza madzi wamba kapena tiyi, mchere wa sodium umachoka m'thupi kulowa m'matumbo mmene muli mchere wochepa, diffusion ija munalemba m'makope, kenako zonse zimathera m'kathumba. Ludzu limakula, amamwanso, amatayanso. Zimene zimavutika kwambiri ndi impso.

Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti pakhoma la matumbo aang'ono glucose ndi sodium zimalowa limodzi, ngati chitseko chomwe chimatseguka pokhapokha mufike awiri. Zikalowa, madzi amatsatira mwa osmosis. ORS anaipanga motsatira zimenezi. N'chifukwa chake Fanta kapena Sobo sizingalowe m'malo mwake: shuga wadzaoneni, mchere wochepetsetsa. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi owiritsa. Mukawonjezera madzi kuti mchere usamveke, mwaiwononga. Kunena zoona si yokoma, ndinalawa ndekha. Koma ikazizira imamwekako, makamaka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo yotsala pakatha maola 24 ndi yotaya.

Ndikulembera inu chifukwa makolo akapita kumunda kukakumba mbatata, amene mumatsala ndi wodwala ndinu. Musamukalipire. Mujambulireni matumbowo papepala, muonetseni kumene madzi akuthawira. Mkodzo ukachepa n'kuda, kapena akamamva chizungulire poimirira, ameneyo ndi wopita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Msuweni wanga ndinamujambulira kuseri kwa pepala la mayeso a Fomu 3. Anayang'ana kwa nthawi, kenako anatuma mwana kuti akatenge botolo lija.