Batani likazima, musathamangire ku Luthuli

Lero gawo la maganizo ndi langa, ndipo ndikufuna tikambe za mabatani. Eee, mabatani enieni.

Amene mumatimvera kawirikawiri mukudziwa kuti ine ndi mng'ono wanga tinapanga bokosi la magemu a arcade kunyumba kuno ku Nairobi: thabwa, Raspberry Pi yokhala ndi RetroPie, ma joystick awiri ndi mabatani owala 16. Wosewera aliyense ali ndi 6, monga imafunira Street Fighter II ya 1991 ija, kuphatikizapo anayi a start ndi coin.

Kutatsala masiku atatu kuti ana a mabanja anzathu a ku Malawi abwere kwathu pa 6 July, mabatani asanu anangozima. Ukawadina akugwira bwinobwino, koma kuwala ayi. Mng'ono wanga nthawi yomweyo: "Achimwene, ndi feki izi, tiyeni ku Luthuli Avenue tikagule ena." Ine ndinakana, ndipo mpaka pano ndikuti kugula chatsopano usanayeze chakale ndi ulesi basi.

Mvetserani. Batani lowala lili ndi zinthu ziwiri zosiyana mkati mwake. Pali microswitch yomwe imauza gemu kuti mwadina, ndiye palinso kanyale ka LED komwe kali ndi mawaya akeake. Ngati batani likugwira koma silikuwala, switch isiyeni, ilibe mlandu. Yang'anani mbali ya nyale.

Choyamba, LED imalola magetsi kudutsa njira imodzi yokha. Mukasemphanitsa positive ndi negative, siyaka. Tembenuzani mawaya awiriwo muone. Chachiwiri, ma volt. Mabatani ena ndi a 5V, ena ndi a 12V, koma maonekedwe ndi amodzimodzi. La 12V mukalipatsa 5V ya USB limawala mofooka kapena osawala n'komwe. La 5V mukalipatsa 12V, mwaliwotcha. Chachitatu, mphamvu. LED imodzi imadya pafupifupi 20mA, ndiye 16 ndi 320mA, pomwe USB 2.0 imapereka 500mA. Mukawonjezera zina pa waya womwewo, musadabwe nyale zikayamba kuphethira.

Chachinayi ndi chimene chinatigwira ife. Waya wa ground umayenda kuchoka pa batani ili kupita pa linalo, ngati unyolo. Ukamasuka pamalo amodzi, onse a kutsogolo kwake amazima limodzi. Ndinatenga multimeter, ndinachotsa bokosi ku magetsi, n'kuyamba kuyeza continuity batani ndi batani. Pofika pa la nambala 12, zii, osalira. Kachitsulo kopanira waya kanali katakhwepa. Ndinakafinya ndi pliers, asanu onse n'kuyaka. Mphindi khumi, osalipira ngakhale shilingi imodzi.

Tikanagula atsopano bwanji? Tikanawalumikiza pa unyolo woduka womwewo, akanakhalabe ozima, ndipo tikanamunena wogulitsa kuti ndi wakuba pomwe vuto tinalisiya kunyumba.

Ndikudziwa ena mukuti, "Aaa, nthawi ndi ndalama, komanso multimeter si yaulere." Zoona. Koma mumagula kamodzi, ndipo idzakuthandizani pa chaja, pa wailesi, pa batire ya galimoto. Ulendo wa matatu kupita m'tauni ndi kubwerera mu jamu ya Nairobi nawonso umadya nthawi, mwina kuposa kuyeza mawaya 16.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Tikukhala mumzinda wa jua kali, momwe amisiri a ku Kamukunji amasula mbaula ndi mabokosi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Makolo athu anakulira kumudzi komwe wailesi ikafa inkatsegulidwa kaye, osati kutayidwa. Ife ana awo, kanthu kakangozima, maso ali kale pa M-Pesa. Tikapitiriza chonchi, ana amene akutiyang'ana adzadziwa kudina kokha, osadziwa chomwe chili kuseri kwa thabwa.

N'chifukwa chake pa 6 July paja, anawo asanayambe kumenyanitsa Ryu ndi Ken, ndinatsegula bokosi, n'kumasula dala waya umodzi, n'kuwapatsa multimeter. Kamtsikana kena ka zaka 9 kanapeza vutolo mng'ono wanga asanamalize kumwa tiyi.

Ndiye batani lanu likazima, yambani mwayeza. Ku Luthuli mupite mutadziwa chomwe chafa. Tikabwerako ku kanyimbo aka, mng'ono wanga adziyankhira yekha.