Muyezo uli m'manja mwa wogulitsa yekha

Mwezi wathawu ndidagula bandulo ya 40 GB ya intaneti ya panyumba, ndipo wogulitsa adanditsimikizira kuti idzatifikitsa kumapeto a mwezi. Idatha pa tsiku la 12. Intaneti idaduka mayi anga ali pakati pocheza ndi mdzukulu wawo amene ali ku Johannesburg. Nkhope ya mnyamatayo idangouma pafoni ngati chithunzi, gogo n'kumaitanabe munthu wosawamva. M'mawa mwake ndidapeza kuti bandulo idali itatha kale masana, ndipo kuchokera pamenepo rauta idakhala ikudya mayunitsi amene adatsala pa simukhadi, pa mtengo wokwera wa kunja kwa bandulo, mpaka kuwamaliza.

Nditapita kukadandaula, kalaliki adandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, tidakutumizirani uthenga wokuchenjezani." Sadaname ayi. Koma uthengawo udapita ku simukhadi ya m'kati mwa rauta, kabokosi kokhala pamwamba pa kabati, kopanda poonetsera mawu. Kodi wochenjeza kabokosi wachenjeza yani?

Sindikutsutsa kuti data idagwira ntchito. Idagwiradi, ndipo abale ndi alongo ayenera kudziwa mmene imathera. Foni ikalumikizidwa pa Wi-Fi imayesa kuti yapeza intaneti yaulere, choncho imayamba kudzikonzanso yokha, kutumiza zithunzi ku Google Photos, ndi kutsitsa kanema aliyense wobwera m'magulu a WhatsApp, ngakhale amene mwini wake sadzamuonera konse. Ola limodzi la YouTube pa chithunzi chowala bwino likhoza kumeza 1 GB kapena kuposerapo. M'nyumba mwanga muli mafoni asanu, ndipo ndidazindikira mochedwa kuti pasiwedi yathu idali itafika kale kwa ana a kuseri kwa mpanda. Mbali imeneyo ndi yanga, ndaivomera.

Chimene ndikukana ndi malonda amene muyezo wake uli m'manja mwa wogulitsa yekha. Ife a m'mbali mwa nyanja tidakulira pa malonda a usipa. Wogula amaiona ndowa, amaona ngati yadzaza kapena yaphwanyidwa pansi, amatha kukana asadatulutse ndalama. Ngakhale mita ya magetsi olipiriratu imaonetsa pakhoma mayunitsi otsala, ndipo akatha imazimitsa nyali osalowa m'thumba la munthu. Nanga bwanji kampani imene imawerenga kachidutswa kalikonse ka data kodutsa pa netiweki yake ilephere kuuza mwini nyumba, pa nambala imene amayenda nayo, kuti theka lapita? Luso lotero ili nalo. Mauthenga otsatsa malonda amatipeza ngakhale m'bandakucha.

Onaninso kukondera kwa lamulo lawo. Ukalephera kumaliza bandulo, masiku ake akakwana zotsalazo zimafa, ngakhale udazilipira ndi ndalama zosafa. Ukapyola pang'ono, amakulipiritsa pa mtengo wachilango. Kuchepa ndi kwako, kuchuluka ndi kwakonso. Ndipo mawu aja akuti "unlimited", amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, kawirikawiri amakhala ndi malire obisika m'tizilembo ta pansi: ukafika pa mlingo wakutiwakuti liwiro limatsitsidwa mpaka kanema sayenda. Amene tidaphunzira malamulo a malonda m'Chisilamu tikudziwa kuti kugulitsa chinthu chimene mlingo wake ndi wosadziwika kwa wogula kumatchedwa gharar, ndipo nkoletsedwa. Sipafunika kukhala shehe kuti munthu aone chifukwa chake.

Zimene tikupempha nzochepa. Chenjezo lifike pa foni ya wogula, osati mu rauta. Bandulo ikatha intaneti iime, kufikira mwini wake atavomera yekha kugwiritsa ntchito mayunitsi. Malire onse anenedwe pakamwa, m'Chichewa kapena m'Chiyao, munthu asadapereke ndalama. Bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti pansi pa lamulo la 2016, limalandira madandaulo a ogula, koma silingamve za Mangochi, Salima kapena Nkhotakota ngati tingodandaulira pakhonde. Langa ndalemba kale, ndipo ndaikamo tsiku, mtengo ndi nambala ya risiti.

Padakali pano pasiwedi ndasintha, ndazimitsa kutsitsa kwa makanema pa WhatsApp m'mafoni onse asanu, ndipo mu simukhadi ya rauta sindisiyamo ngakhale tambala. Mayi anga adalankhulanso ndi mdzukulu wawo patatha masiku 18.