TIDZIWE ZA KUTALI: Chaka Chatsopano cha ku China

Kuno ku Mphunzi mwezi wa Febuluwale ndi wa khasu, chimanga chikumasula ndipo nkhokwe zapepuka. Koma nthawi yomweyi anzathu a ku China, amene dziko lathu linayamba nawo ubale mu Disembala 2007, amakhala ali pa chikondwerero chachikulu koposa kwawo, cholowa m'chaka chatsopano.

Tchuthi chimenechi sichikhala pa 1 Januwale chifukwa iwo amawerenga miyezi potsatira mwezi wakumwamba, monga timachitira Asilamu. Kusiyana kwake n'koti chaka cha Hijiri chili ndi masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Ramadhan imayendayenda m'nyengo zonse. Iwo amaonjezera mwezi wa 13 pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, kuti chaka chisasemphane ndi nyengo yolima. Motero tsikuli limagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 2026 ndi pa 17 Febuluwale, ndipo mwezi watsopano umenewo ndi womwewo wa Ramadhan.

Mwambowu unachokera kwa alimi amene ankathira nsembe kwa makolo awo dzinja lozizira likamatha. Mfumu Wu ya ufumu wa Han ndiyo inakhazikitsa mwezi woyambira chaka mu 104 BC. Palinso nthano ya chilombo chotchedwa Nian chimene chinkadya anthu ndi ziweto kumapeto kwa chaka. Akuti chinkaopa phokoso, moto ndi zofiira. Ndiye chake mpaka lero amamata mapepala ofiira pamakomo n'kumaphulitsa makombola.

Chaka chilichonse chili ndi nyama yake mwa nyama 12: 2025 ndi njoka, 2026 ndi hatchi. Chikondwererochi chimatha masiku 15, ndipo tsiku lomaliza amayatsa nyali. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linachilemba m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa. Ndi bungwe lomweli limene mu 2006 linazindikira zojambula za m'mapanga a Chongoni, kuphatikizapo zathu za m'phiri la Mphunzi.

Za nsembe ndi kuombeza ndi nyama si zathu ayi. Koma taonani zina. Chaka chisanathe amasesa nyumba yonse ndi kubweza ngongole. Ana amagwadira akuluakulu, akuluakulu n'kuwapatsa ndalama m'maenvulopu ofiira. Choposa zonse ndi chakudya cha usiku wotsiriza: anthu mamiliyoni amasiya ntchito m'mizinda, n'kuthithikana m'sitima ndi m'mabasi, kuti akadye mbale imodzi ndi makolo awo kumudzi.

Nanga ife? Alipo ana athu ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amene Eid zitatu zadutsa osaponda pakhomo pa mayi awo. Ndalama ya pafoni imagula feteleza, koma sichotsa mphwayi ya nkhalamba yodya yokha. Chibale ndi fupa, sichiola, komabe chimafuna kuyenderana. Amene muli kutali, yambani lero kusunga ya basi.