MZINDA WA M'GALASI



Mwezi wathawu mai wina ananditumizira kalata yodandaula. Anati mwana wache wamwamuna, amene ali kuphunzira ku sukulu yaikulu, pobwera ku tchuthi anadza ndi kompyuta, ndipo madzulo onse angokhala chete, maso ali pa galasi lache. Akamfunsa chimene ali kuchita, ayankha kuti ali kumanga mzinda. Tsono maiyo afunsa: "Kodi imeneyi si misala? Ndi mzinda wotani womangidwa popanda njerwa ndi thukuta? Kodi ndimlande chinthucho, kapena ndimleke?"

Funso limeneli nloyenera, ndipo sindinafune kuliyankha mwaphuma, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndinapita kwa mwana wa mlongo wanga, amene ali nao masewera omwewo, ndinakhala naye madzulo atatu, ndipo lero ndikuuzani zimene ndinapeza.

Poyamba tikumbuke kuti chilakolako chimenechi si chachilendo pakati pathu. Ife amene tinakulira kumudzi tinachita masanje. Chimanga chikakololedwa tinkamanga timisasa ta mapesi, wina nakhala mfumu, wina mai wa pa nyumba, wina fisi wakuba ndiwo. Ndipo makolo athu sanatiletse, podziwa kuti mwana womanga mudzi wabodza ali kuphunzira kusunga mudzi weniweni. Masewera a mnyamata uja ndiwo masanje a m'galasi. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu, kumene ndidzakuonetsani kutsogoloku.

Masewera amenewa anachokera ku America. Kumeneko mnyamata wina, dzina lache Will Wright, anatulutsa masewera a nkhondo m'chaka cha 1984, m'mene helikopita inali kuuluka pamwamba pa zisumbu ndi kuponya mabomba. Kuti helikopitayo ipeze chophwanya, iye anayenera kuyamba wajambula zisumbuzo pamodzi ndi miseu ndi nyumba zache, ndipo pogwira ntchitoyo anazindikira kuti kumanga kunamkomera koposa kuphwanya. Anawerenganso buku la mphunzitsi wamkulu Jay Forrester, lotchedwa Urban Dynamics, la m'chaka cha 1969, lofotokoza kuti m'mzinda nyumba, ntchito, msonkho ndi anthu nzolumikizana, kotero kuti ukakhudza chimodzi zonse zigwedezeka. Ogulitsa masewera anayamba amkana, chifukwa masewera achewo analibe wopambana kapena wogonja. Pamenepo iye ndi mnzache Jeff Braun anatsegula kampani yao, Maxis, natulutsa SimCity m'chaka cha 1989. Pambuyo pache anadza ena ambiri ofanana nao. Amene ndinaona ine atchedwa Cities: Skylines, anapangidwa ndi kagulu kakang'ono ka anthu a mzinda wa Tampere ku Finland, natuluka m'chaka cha 2015.

Kaseweredwe kache nkotere. Wosewera apatsidwa dziko la mitsinje, mapiri ndi nkhalango, lopanda munthu ndi mmodzi yemwe, pamodzi ndi ndalama zowerengeka za m'masewera momwemo, zosagula kanthu pa msika weniweni. Ayamba kulambula miseu. Atatero apaka mitundu m'mbali mwa miseuyo: kobiriwira ndiko kokhala anthu, kwa buluu ndiko kwa masitolo, kwachikasu ndiko kwa mafakitale. Iye samangira munthu nyumba iai. Malowo akakhala abwino, nyumba zimera zokha ngati bowa, anthu nafika ndi katundu wao. Akakhala oipa, anthu sabwera, ndipo amene anabwera kale asamuka. Ntchito ya wosewera ndiyo kubweretsa madzi ndi magetsi, kumanga sukulu, chipatala ndi manda, kuchotsa zinyalala, ndi kuika msonkho. Akaukweza msonkho mopitirira, anthu athawa. Akautsitsa kwambiri, thumba la mzinda liuma, ndipo palibe cholipirira chipatala. Munthu ali yense wa m'menemo ali ndi dzina, nyumba ndi kogwira ntchito, ndipo ukamloza ukhoza kumtsata pa ulendo wache wonse kufikira abwerera kwao.

Madzulo achiwiri mnyamatayo anandisiyira mpando nati, "Malume, tamangani wanu." Ndinasankha malo okongola m'mbali mwa mtsinje, ndinautcha mzinda wanga Mtendere, ndipo poona nyumba zoyamba ziri kumera ndinakondwa ngati mwana. Ndinaika makina opopa madzi pa gombe. Kenaka anandiuza kuti pafunikanso paipi yotayira madzi oipa a m'zimbudzi, ndipo ine pofuna kusunga ndalama ndinaiika pafupi, pamalo amene paipi inali yaifupi, osayang'ana kumene mtsinje ulowera. Sipanapite nthawi, madzi anasanduka akuda, ndipo pamwamba pa nyumba iri yonse panaoneka chizindikiro cha matenda. Maambulansi anadzaza miseu, kachipatala kanga kanachepa, anthu anayamba kufa, otsala nathawa. Mnyamatayo anadziletsa kuseka chifukwa cha ulemu, nati, "Malume, mwawamwetsa zotani anthu anu? Zonyansa mwaziika kumtunda, madzi akumwa kumunsi." Ndinachita manyazi kwambiri, ine amene amai anga anandiphunzitsa ndiri wamng'ono kuti potunga madzi akumwa mpakumtunda, pochapa mpakumunsi.

Anandionetsanso tsoka lina lodziwika kwa onse osewera masewerawa. Munthu wofulumira akatsegula dera lalikulu pa tsiku limodzi, anthu amsinkhu umodzi alowamo nthawi imodzi, akalamba nthawi imodzi, namwalira nthawi imodzi. Pamenepo magalimoto onyamula maliro achepa, ena athithikana pa mseu wopapatiza, mitembo ikhalitsa m'nyumba, anansi nasamuka, msonkho nuchepa. Ndipo mzinda ugwa chifukwa cha phuma la zaka zambiri zapitazo, limene mwini wache analiiwala kale. Damu nalonso likaikidwa molakwa, madzi asefukira m'miseu, pakuti ngakhale m'galasi madzi saiwala khwawa.

Apa ndipo pali ubwino wa masewerawa, ndipo sindiubisa. Aphunzitsa mwana kuona patali: kuti chimene uchita kumtunda amwa ndi a kumunsi, kuti ndalama zosungidwa lero pa paipi zidzalipidwa mawa ku chipatala, kuti utsi wa fakitale sufunsa chilolezo polowa m'nyumba ya mnansi. Akulu ambiri ovala majekete sanaphunzirebe zimenezi.

Koma tsopano tamverani za kusiyana kuja. Pa masanje, mnzako akakwiya amanena. Mfumu ikaweruza mokondera, anzache amaileka yokha pa mapesi. Anthu a m'galasi satero. Inde, adandaula ndi tizizindikiro ndi timau tina, koma mau amenewo analembedwa kale ndi opanga masewera; palibe mmodzi angaimirire pa bwalo ndi kukutsutsa. Pamene ndinafuna kukulitsa mseu wa Mtendere, ndinagumula nyumba khumi ndi chala chimodzi. Panalibe wolira, panalibe wofunsa chipukuta misozi, panalibe nkhalamba yonena kuti mtengo wa mango uwu anabzala ndi malemu mwamuna wanga. Ndipo zinthu zitaipa, mnyamatayo anabweza nthawi m'mbuyo, akufa onse nakhalanso moyo, ngati sipanachitike kanthu. Chimene chinandiopsa ndi ichi: pa madzulo achitatu ndinali nditazolowera, ndinali kugumula osaganizanso.

Taonaninso bodza loyamba la masewerawa, lakuti dziko liyamba lopanda mwini. Dziko lotere kulibe. Ngakhale likulu lathu la Lilongwe, limene mbali yache yatsopano inayamba yajambulidwa pa pepala ndi madera a manambala, boma lisanasamukireko kuchokera ku Zomba m'chaka cha 1975, silinamangidwe m'chipululu. Pamalopo panali midzi ndi minda ya anthu. Opanga masewera nawonso abvomera kuti galasi lao silionetsa zonse. Stone Librande, amene anatsogolera kukonza SimCity ya m'chaka cha 2013, anafotokoza kuti atayeza malo oimikapo magalimoto m'mizinda yeniyeni anawapeza aakulu kwambiri, kotero kuti akadawaika onse masewera akadakhala osakoma; chifukwa chache anawachepetsa dala. Nanga ngati anachepetsa zimene anaziona ndi maso ao, kuli bwanji zimene sanaziganize konse? M'mzinda wanga munalibe mai wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, munalibe dimba, munalibe munthu womanga yekha kanyumba kache pa phiri chifukwa chosowa malo ena.

Mnyamata wina wa ku Philippines, Vincent Ocasla, wophunzira za kamangidwe ka nyumba, anaonetsa poyera kumene njira imeneyi ifika. Anatha zaka zingapo ali kuwerengera pa mapepala mzinda wochuluka anthu koposa yonse mu SimCity 3000, nautcha Magnasanti, nauonetsa ku dziko m'chaka cha 2010. Munali anthu 6 miliyoni, miyambo ya masewera yonse inasungidwa, ndipo poyang'ana kumwamba mzindawo unali wolongosoka ngati mkeka wolukidwa bwino. Koma munalibe sukulu, munalibe chipatala, munalibe ozimitsa moto. Apolisi ndiwo anali ponseponse, mpweya unali woipa, ndipo anthu ache sanali kupitirira zaka 50. Iye anachita dala, kuti tione kuti nambala ikhoza kukwera pamene moyo uli kutsika. Kompyuta inawerenga mitu, koma sinafunse ngati eni mituyo ali kukondwa.

Kodi tsono masewera otere sangathandize mudzi weniweni? Akhoza, anthu akapatsidwa pakamwa. M'chaka cha 2012 bungwe la United Nations loona za malo okhala anthu, UN-Habitat, linagwirizana ndi kampani ya Mojang ya ku Sweden, eni ache a masewera ena omanga otchedwa Minecraft, nayambitsa ntchito yotchedwa Block by Block. Anayamba ku Kibera, dera la anthu osauka mu Nairobi ku Kenya. Malo ofuna kukonzedwa amayamba ajambulidwa m'masewera monga ali; ndipo eni dera, achinyamata ndi amai omwe, amene sadziwa kuwerenga mapulani a akatswiri, akhala pamodzi nasuntha okha zinthu pa galasi: apa pakhale njira, apa mitengo, apa posewerera ana. Akagwirizana, ndipo akatswiri atenga maganizowo. Chida nchofanana ndi cha mnyamata wathu uja. Chosiyana nchakuti pa mpando sipakhala munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa inu mai amene munalemba, ndi kwa makolo onse a nkhawa yomweyo, yankho langa ndi ili. Musamlande. Mwa masewera onse a pa kompyuta, omanga aposa ophana. Koma muchite zinthu zinai.

Choyamba, muike nthawi. Mzinda wa m'galasi ulibe mapeto, ndipo sudzamuuza mwana wanu kuti kwada. Madzi atungidwe, mbuzi zilowe m'khola, za ku sukulu zilembedwe, ndipo pamenepo amange.

Chachiwiri, muchenjere ndi ndalama. Alipo masewera otere a pa foni amene ayamba aulere, koma pambuyo pache apempha ndalama zenizeni kuti nyumba zimangike msanga. Ndalama ya mchere isapite ku njerwa zosaoneka.

Chachitatu, mukhale naye pansi tsiku lina, akuonetseni mzinda wache, ndipo mumfunse mafunso amene kompyuta simfunsa. Osauka akhala kuti? Wopanda galimoto ayenda mtunda wotani kuti afike ku chipatala? Amene nyumba zao wagumula apita kwa yani? Musaope kuti simunaphunzire. Mafunso amenewa muwadziwa inu koposa iye.

Chachinai, mumtulutse kunja. Ayende nanu m'mudzi ndi maso ache atsopanowo, ayeze mapazi kuchokera pa chitsime kufika pa chimbudzi chapafupi, pakuti alangizi a zaumoyo amati pakhale mamita osachepera 30. Aone kumene madzi a mvula adutsa, ndi nyumba zimene zaima pa njira yache. Ndipo akapeza cholakwika, asathamangire kulamula monga achitira pa galasi. Apite nacho kwa akulu, akhale pa bwalo, amve chifukwa chache chinthucho chinaikidwa pamenepo, adikire nthawi yache yolankhula. Kumeneko adzaphunzira chimene masewera alibe: kuti kusuntha chimbudzi chimodzi cha munthu wamoyo nkobvuta koposa kumanga mzinda wa anthu 6 miliyoni, ndi kuti pano cholakwa sichibwezedwa m'mbuyo.

Mwina mwa ana amenewa mudzatuluka oyeza malo, omanga milatho ndi oyang'anira mizinda ya mawa, ndipo tidzawafuna ndithu. Tiwathandize tsono akali ang'ono, kuti akadzagwira pensulo pa mapu enieni adzakumbuke kuti pansi pa mzere uli wonse pali khomo la munthu.

Za Mtendere wanga, mnyamata uja wandiuza kuti anasuntha paipi ija, anthu abwerera, ndipo ali kundidikira kuti ndikamange sukulu. Ndidzapita Loweruka, ndikatha kupalira.

Tsalani bwino kufikira mwezi wamawa.