Masamu sadyedwa, eti?

Sabata yatha pa gulu la WhatsApp la amene tinaphunzira limodzi ku yunivesite panabuka mkangano umene unandipsetsa mtima. Wina anaponya nkhani ya Simons Foundation, bungwe la ku New York limene limapereka ndalama kwa aphunzitsi a masamu ndi fizikisi m'mayunivesite a ku America ndi Canada kuti akhale chaka chathunthu osalowa m'kalasi, azingolimbana ndi mafunso awo. Mayankho anagwa ngati matalala. Wina akuti azunguwa ndalama zawachulukira, wina akufunsa ngati masamu amadyedwa. Amene ndinkakhala naye benchi imodzi pa calculus anati bola akanakumbira mijigo, ma emoji oseka mbwee. Ndabwera nazo kuno poti pagulu paja ukalemba ndime zitatu amati wayamba ulaliki.

Mwini ndalamazo, Jim Simons, anali wamasamu weniweni. Ankatsogolera dipatimenti ya masamu ku Stony Brook, ndipo mu 1974 iye ndi Shiing-Shen Chern anasindikiza ntchito ya geometry imene patapita zaka akatswiri a fizikisi anadzaipeza kuti ndi chida chawo. Anasiya yunivesite, mu 1982 n'kuyambitsa Renaissance Technologies, kampani yogula ndi kugulitsa masheya pogwiritsa ntchito masamu ndi makompyuta, n'kulemera koopsa. Bungwe lija analikhazikitsa ndi mkazi wake Marilyn mu 1994. Anamwalira mu May 2024.

Chimene ndalama za Simons Fellows zimagula ndi nthawi basi. Yunivesite ikakupatsa teremu imodzi ya tchuthi cha kafukufuku, iwo amawonjezera kuti chikwane chaka. Wamasamu safuna labu ya mamiliyoni. Pepala, bolodi, choko, ndi miyezi yoti wina asamugogodere pakhomo ndi mulu wa mapepala ochonga. Andrew Wiles anakhala zaka pafupifupi 7 akulimbana ndi funso limodzi la Fermat asanalimalize mu 1994. Ntchito yotereyi sungaigwire Loweruka masana pakati pa ukwati ndi maliro, chifukwa ukaisiya masabata awiri umayambanso kufunafuna pamene unalekezera.

Pagulu paja wina akanatha kundiyankha ndi Yitang Zhang, ndiye ndimutchule ndekha. Bamboyu atatenga PhD ku Purdue anasowa ntchito ya ku yunivesite, mpaka anagwirako mu shopu ya masangweji ya Subway. Kenako anakhala mphunzitsi wamba ku University of New Hampshire, ndipo mu 2013, ali ndi zaka 58, anatsimikizira kuti manambala a prime (aja osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni) oyandikana mosapitirira 70 miliyoni sadzatha. Anthu amakonda nkhaniyi, amati mwaona, wanzeru safuna thandizo. Ine ndikaiwerenga ndimawerengera zaka zimene munthuyu anataya, komanso ndimaganiza za anzake amene ku Subway kwawo sanatulukekonso ndipo mayina awo sitidzawamva.

Tsono za kudyedwa zija. Mu 1940 G. H. Hardy wa ku Cambridge analemba monyadira kuti masamu ake a manambala alibe ntchito yogwirika. Mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman anatenga manambala a prime omwewo n'kupanga RSA, njira yobisira uthenga pa makompyuta. Mu 1985 Neal Koblitz ndi Victor Miller, aliyense payekha, anaonetsa kuti ma elliptic curve, amene amasamu ankawafufuza kwa mibadwo popanda wowafunsa phindu lake, akhoza kugwira ntchito yomweyo. WhatsApp imatseka mauthenga athu ndi imodzi mwa ma curve amenewo. Ndiye aise, pamene unkalemba kuti masamu sadyedwa, masamu omwewo ndi amene ananyamula chipongwe chakocho n'kudzachifikitsa pa foni yanga osawerengedwa ndi wina panjira.

Sindikunena kuti theorem iliyonse idzasanduka foni, ayi. Zambiri zidzangokhala m'mabuku. Vuto n'lakuti palibe amadziwiratu kuti yodzaphula ndi iti, ngakhale mwini wake, Hardy uja ndi umboni. Wopereka ndalama amene amafuna lipoti la anthu angati apindula pofika chaka chachitatu sangalipirire ntchito imeneyi, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Mjigo sindikuunyoza, agogo anga amatunga pa mjigo. Koma bwanji mjigo timangoukumbukira tikamva za wamasamu? Galimoto zatsopano za mabwana zikamadutsa, ma workshop a ku nyanja akamadya ma allowance, za mjigo zii. Ndalama za kafukufuku zimene zimafika kwathu kuno zambiri zimabwera zitalembedwa kale ntchito: malungo, HIV, ulimi, zanyengo. Zonsezo n'zofunika. Koma amene anatiphunzitsa algebra chaka chachitatu, munthu amene ankati akafika pa umboni wokongola amaiwala kuti nthawi yatha, masana ankathamangira kukasanthula ma survey a mabungwe kuti ana apite kusukulu. Kalasi yodzaza mpaka ena kuimirira pa mawindo, mapepala ochonga osatha. Sindiwadzudzula. Ndimangodzifunsa kuti akanapatsidwa chaka chimodzi chokha cha bata akanatulutsa chiyani. Achinyamata akuthwa mutu amapita ku AIMS, sukulu ya masamu imene Neil Turok anayambitsa ku Muizenberg, Cape Town, mu 2003, kenako ena n'kupitirira kutsidya kwa nyanja. Kuti abwerere, abwerere kudzatani?

Pali mfundo imodzi imene anzanga aja akanainena ndikanagwedeza mutu. Si zabwino kuti tsogolo la masamu lidalire zokonda za banja limodzi lolemera, lolemera ndi masheya pomwe. Wolemera akasintha maganizo, kapena osamala chuma chake akaona zina, nthambi yonse ya maphunziro ikhoza kuuma, ndipo palibe amene anawavotera. Komanso chuma cha munthu chimathirira kwawo: pa mndandanda wa Simons Fellows mphunzitsi wa ku Zomba kapena Lusaka salowapo. Izi n'zoona. Koma si zachilendonso. Institute for Advanced Study ya ku Princeton, kumene Einstein anakakhala kuyambira 1933, inakhazikitsidwa mu 1930 ndi ndalama za Louis Bamberger ndi mlongo wake Caroline, zimene anapeza pogulitsa katundu m'sitolo ku Newark. Eni sitolo amenewo sankadziwa fizikisi, anangolola kulipira anthu kuti aganize.

Ndiye mkwiyo wanga suli kwa Simons. Uli kwa ife amene tinakhoza calculus koma tikuseka, komanso kwa olemera athu. Alipo, timawaona. Amathandiza zikho za mpira, amawaza ndalama pa maukwati mpaka MC kusasa mawu, amagulira kwaya yunifolomu. Salale ya chaka chimodzi ya mphunzitsi mmodzi wa masamu, yolipirira womugwirira makalasi, siyingafike pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zimene zaima pa mageti awo. Ndani mwa iwo anayesako? Nanga ayesa bwanji ngati ife amene tinalowa m'kalasimo ndi amene tikuyamba kufunsa ngati masamu amadyedwa?

Ine pano ndimalowetsa manambala mu Excel kuyambira 8 koloko mpaka 5, ndipo sindidandaula, lendi ikulipidwa. Funso limene linatsala pa project yanga ya chaka chomaliza, limene aphunzitsi aja anati tidzalionenso akapeza mpata, lili mu kope lachikuto chofiira m'sutikesi pansi pa bedi. Mwezi watha ndinalitulutsa, ndipo zinanditengera madzulo awiri kuti ndimvetse zimene ndinalemba ndekha pa tsamba loyamba.