Mwana akamenyetsa dzino, musadikire kuti liyambe kupweteka

Amayi anzanga, pali chizolowezi china chimene ndikufuna tichisiye. Mwana akagwa pa njinga kapena akagundana ndi mnzake pa mpira n'kumenyetsa dzino lakutsogolo, timangoona ngati magazi aleka, basi nkhani yatha. Ine ndikuti ayi, mwanayo apite akaonedwe ndi a mano.

Dzino lachikulire likagundika kwambiri, thupi limatha kuyamba kudya muzu wake pang'onopang'ono. Ndi zomwe zimachitika ndi mano a mkaka mwana akafika zaka 6: muzu umatha, dzino n'kugwa lopanda muzu. Pamenepo palibe vuto, chifukwa lina likubwera. Koma lachikulire likapita, lapita. Choipa n'chakuti nthawi zambiri sizipweteka. Pakatha miyezi kapena zaka, mumangoona dzino lada, kapena lili ndi kadontho kofiirira, kapena layamba kugwedera. Panado ndi madzi amchere sizifika ku muzu.

Chimene chimaonetsa vutoli ndi X-ray. Likapezeka msanga, dokotala wa mano amachotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino, kutsukamo n'kutseka. Ngati muzu wadyeka chakunja pafupi ndi nkhama, amabaya jakisoni wa dzanzi, kutukula nkhama pang'ono, kupala malo odyekawo n'kumata. Mwana amatsala ndi dzino lake lomwelo. Mukachedwa, chotsala n'kuzula, mtsikana wa zaka 12 n'kuyamba kuseka ataphimba pakamwa.

Ndikudziwa, thiransipoti yopita ku boma si yapafupi, ndipo ambirife tikamva za chipatala cha mano timangoganiza zozula. Koma muli ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, dzino ili silingapulumuke?" Zimene sangathe pa chipatala chapafupi, apempheni akutumizeni ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba kapena Mzuzu.

Nanga dzino lachikulire likaguluka lonse? Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Musalikweche, musalikulunge m'pepala kapena pa chitenje. Likauma, timinofu ta pamuzu timafa, ndiye ngakhale alibwezeretse muzu uja umadzadyeka. Liikeni mu kapu ya mkaka wa ng'ombe, muyesetse kufika kuchipatala lisanathe ola limodzi. Ngati ndi dzino la mkaka musalibwezeretse, mungavulaze lachikulire limene likubwera pansi pake.